Shukuru Sanatsazike

Mwaiwathu anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Small Heath, mumzinda wa Birmingham. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuulutsa roketi Amayi ake akuona.

Inde, roketi! Musaseke.

Roketiyo inali ya kusukulu kwawo. Anaipanga ndi bambo ake a Aiden, mnzake wa m'kalasi. Iwo amagwira ntchito kufakitale ya magalimoto ku Solihull. Manja awo ndi aluso zedi. Roketiyo inali yaitali mpaka kudenga. Inali ndi chitseko. Inali ndi mipando itatu. Inali ndi magetsi ofiira ndi obiriwira. Inkawala kuti ng'ani ng'ani. Ukaiona, sunganene kuti mkati mwake ndi makatoni.

Okwera anali ana aang'ono. Oulutsa anali ana akuluakulu. Ndipo wowerenga manambala omaliza anali Mwaiwathu.

Sabata yonse mwanayu sanapume. Kubafa, "Teni, naini, eyiti!" Pamasitepe, "Seveni, sikisi, faifi!" Makutu a Amayi anatopa nazo.

Lachisanu m'mawa, Amayi anamuperekeza kusukulu. Anaperekezanso Shukuru, mwana wa nyumba yoyandikana nayo.

Shukuru anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anali atangofika kuchokera ku Machinga mwezi watha. Mayi ake, Anti Patuma, amasamalira okalamba. Tsikulo analawirira kuntchito Shukuru ali mtulo.

Chingerezi cha Shukuru chinali mawu awiri basi. "Yes, madam." Ankauza aliyense, ngakhale bambo wandevu.

Pageti la sukulu, Amayi anaima.

"Mwaiwathu, tamvera. Masana ndibwera kudzaona roketi yako. Koma ikangokwana 2 koloko, ndinyamuka. Ndili ndi shifiti kuchipatala. Basi sidikira munthu."

Mwaiwathu anagwedeza mutu. Kenako liwiro!

"Iwe!" Amayi anaitana. "Wayambanso? Munthu sachoka osatsazika!"

"Bye, Mum!" Mwaiwathu anakuwa ali kale patali.

Amayi anapukusa mutu. "Kumeneko si kutsazika. Kumeneko ndi kuthawa."

Chichewa, Mwaiwathu ankamva ndithu. Koma kuyankha, ankayankha m'Chingerezi. Amayi ankati lilime lake ndi laulesi.

Masana anafika. Holo ya sukulu inadzaza. Makolo anakhala kumbuyo. Ana anakhala kutsogolo. Amayi analowa atavala yunifolomu yawo ya unesi. Chikwama anachiika pamiyendo.

Aphunzitsi a Norman anazimitsa magetsi. Anaonetsa kanema wa roketi yeniyeni. Anthu atatu analowa m'roketi. Chitseko chinatsekedwa. Moto unabuka pansi. Roketi inakwera. Inakwera. Inakwerabe. Kenako inasowa m'mitambo.

Shukuru anayang'ana kukamwa kuli yasa.

"Tsopano tisankhe okwera athu," anatero aphunzitsi. Anapisa dzanja m'chipewa cha mayina.

"Zion!"

Ana anaomba m'manja.

"Amara!"

Anaombanso m'manja.

"Shukuru!"

Aphunzitsi anawerama pafupi naye. Analoza chithunzi cha mwezi. Analoza roketi. Kenako analoza Shukuru.

"Upita?"

Shukuru anayang'ana pansi. "Yes, madam."

Ana anaseka. Aphunzitsi anasekanso, ndevu zikugwedera. Shukuru yekha sanaseke.

Ntchito inayamba. Okwera anavekedwa zovala zoyera. Anavekedwa zisoti. Anavekedwa magolovesi aakulu. Shukuru ankangocheukira kukhomo la holo. Anacheuka kamodzi. Anacheuka kawiri. Anacheuka katatu.

Mwaiwathu anaona. Koma mutu wake unali pa manambala.

Okwera analowa m'roketi. Anakhala pamipando. Malamba anamangidwa, kwe, kwe, kwe. Chitseko chinatsekedwa, phwa!

Mwaiwathu anakhala patebulo la oulutsa. Anavala mahedifoni. M'mahedifoni amenewo ankamva mawu a okwera. Ankamva iye yekha. Patsogolo pake panali batani lofiira.

"Mverani nonse," anatero aphunzitsi a Norman. "Kumalo oulutsira roketi kuli lamulo. Aliyense akaona vuto, anene kuti, Imani! Ngakhale patatsala nambala imodzi. Koma tikaima, tiyambiranso zonse."

Aiden anaseka. "Ndani angaimitse? Wamantha yekha."

Mwaiwathu anayang'ana wotchi ya pakhoma. Panatsala mphindi zisanu kuti 2 koloko ikwane. Mphindi zisanu zokha! Kuyambiranso? Ayi, ayi, ayi.

Anayamba kufunsa mafunso ake.

"Mpweya?"

"Uli bwino!" anayankha mwana wa mpweya.

"Mafuta?"

"Ali bwino!" anayankha Aiden.

"Nyengo?"

Mwana wa nyengo anasuzumira pawindo. Kunja kunali mvula. Koma abale, ku Birmingham mukati mudikire mvula ikate, simuuluka chaka chonse.

"Ili bwino!"

"Chitseko?"

"Chatsekedwa!"

Tsopano okwera.

"Zion, wakonzeka?"

"Ndakonzeka!"

"Amara, wakonzeka?"

"Ndakonzeka!"

"Shukuru, wakonzeka?"

Zii.

"Shukuru?"

Kamawu kakang'ono kanamveka. "Yes, madam."

Panatsala mphindi zitatu. Holo yonse inati chete. Mwaiwathu anakonza mahedifoni ake. Anaika chala pafupi ndi batani.

"Teni!"

Magetsi obiriwira anayaka.

"Naini!"

Makina a utsi anayamba kulira.

"Eyiti!"

M'mahedifoni munamveka kanthu. Wina ankapuma mofulumira.

"Seveni!"

Wina ankafwenthera.

"Sikisi!"

Mwaiwathu anayang'ana batani. Mwina ndi chimfine. Inde, ndi chimfine basi.

"Faifi!"

Pamenepo anamva kunong'ona. Sikunali m'Chingerezi ayi.

"Sindinatsazike."

Anali Shukuru. Mwaiwathu anatchera khutu. Mawu amenewo ankawadziwa. Ankawamva m'mawa uliwonse pageti.

Anayang'ana wotchi. Anayang'ana Amayi. Amayi anali atagwira kale chikwama. Ankamwetulira. Ankadikira.

"Folo!"

Manambala atatu okha. Atatu okha, roketi iuluke. Atatu okha, Amayi aone.

"Fili!"

"Amayi anga," Shukuru ananong'onanso. "Sindinawatsazike Amayi anga."

Tsopano ankalira. Ankalira motsitsa, kuti asavute anthu.

"Thu..."

Chala cha Mwaiwathu chinakhudza batani. Anatseka maso.

"IMANI!"

Makina a utsi anazima.

"Aaa, iwe!" Aiden anagwira mutu. "Waononga!"

Ana anayamba kung'ung'udza. Makolo anayang'anizana. Nkhope ya Mwaiwathu inatentha ndi manyazi. Ankafuna kulowa pansi pa tebulo.

Aphunzitsi a Norman anakweza dzanja. "Chete nonse. Mwaiwathu, vuto ndi chiyani?"

"Tsegulani chitseko, aphunzitsi. Chonde."

Chitseko chinatsegulidwa. Mwaiwathu anathamangira komweko. Anavula Shukuru chisoti. Kalanga ine! Misozi inali mbwe mbwe mbwe. Mamina osanena.

"Shukuru, bwanji?"

Shukuru analankhula m'Chichewa, akusisima.

"Amayi atakwera ndege, anapita zaka ziwiri. Ine ndinatsala ndi azakhali. Koma iwo ananditsazika. Ine ndikupita kumwezi. Iwo sakudziwa. Akabwera kuntchito sandipeza."

Mwaiwathu anamva chisoni chachikulu. Mwana uyu ankaganiza kuti akupitadi! Ankaganiza choncho nthawi yonseyi. Ndipo anangoti, "Yes, madam."

Chingerezi apa chinalibe ntchito. Mwaiwathu anadzutsa lilime lake laulesi lija.

"Shukuru... roketi iyi... ndi wabodza."

Shukuru anamuyang'ana. "Wabodza ndani?"

"Ayi! Ndi... ndi yabodza! Taona."

Mwaiwathu anakanda pakhoma la roketi. Pepala lowala linang'ambika pang'ono. Pansi pake panali katoni. Pakatonipo panali chithunzi cha nthochi.

Shukuru anayang'anitsitsa. Anagwira ndi chala. Anagogoda, go, go.

"Katoni ya nthochi?"

"Eya. Sipita kumwezi. Sipita ngakhale kukhomo. Timasewera chabe."

Shukuru anapuma kwambiri. Anapukuta misozi ndi golovesi.

"Ndiye ukweranso?" Mwaiwathu anafunsa.

Shukuru anaganiza. Kenako anapukusa mutu.

"Komabe munthu sachoka osatsazika."

Ha! Mawu a Amayi enieni.

Ndipo Amayiwo anali ataima kale pambuyo pawo. Anamva zonse.

"Ukunena zoona, mwanangu," anatero Amayi. "Amayi ako ali pantchito. Foni sangayankhe. Koma mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Tsazika ine. Ndikawauza."

Shukuru anatsika m'roketi. Anagwada pansi ndi zovala zake zoyera zija. Anapinda manja.

"Amayi, ine ndapita kumwezi. Tsalani bwino."

"Pita bwino, mwanangu. Usakachedwe. Madzulo kuli mpunga wa nkhuku."

Shukuru anaseka. Kanali koyamba kuseka pasukulupo.

Mwaiwathu anayang'ana wotchi. Mtima wake unasweka. 2 koloko inali itakwana. Inali itadutsa ndi mphindi imodzi.

Amayi anakoleka chikwama paphewa.

"Mum..." anatero Mwaiwathu. Maso anadzaza misozi. Sabata yonse ya manambala, yapita pachabe.

Amayi anamuyang'ana. Anayang'ana wotchi. Anamuyang'ananso.

"Mabasi ndi ambiri," anatero. "Mwaiwathu ndi mmodzi. Ndikwera yotsatira. Ndikakatsika ndikathamanga. Koma fulumira, iwe!"

Mwaiwathu sanadikire kuuzidwa kawiri.

Aphunzitsi a Norman anaomba m'manja. "Tamumva wowerenga wathu. Anaona vuto, anaimitsa. Umo ndi mmene amachitira akatswiri. Aliyense pamalo pake!"

Aiden anakanda mutu. "Pepa," anatero motsitsa.

Malamba, kwe, kwe, kwe. Chitseko, phwa!

"Mpweya?"

"Uli bwino!"

"Mafuta?"

"Ali bwino!"

"Nyengo?"

"Mvula yomwe ija!"

Zion anali wokonzeka. Amara anali wokonzeka. Mwaiwathu anagwira mahedifoni ndi manja awiri. Anafunsa m'Chichewa.

"Shukuru, wakonzeka?"

"Eya! Tiyeni!"

Holo yonse inamva, ngakhale opanda mahedifoni.

"Aphunzitsi, ndiyambire pa faifi?" Mwaiwathu anafunsa. "Nthawi yatha. Ndipo ndikufuna Shukuru amve."

Aphunzitsi anavomera. Mwaiwathu anakweza zala zisanu. Manambala a Chichewa ankawadziwa mpaka pamenepo basi. Kupitirira apo, lilime linkapindika.

"Zisanu!"

Amayi anatong'ola maso.

"Zinayi!"

Ana onse anakweza zala.

"Zitatu!"

M'roketi, Shukuru ankawerenga nawo.

"Ziwiri!"

Utsi unayamba kutuluka.

"Chimodzi!"

Mwaiwathu anadina batani.

Guuu! Phokoso linadzaza holo. Utsi unali tolotolo. Magetsi ofiira anaphethira. Nsalu ya nyenyezi inatsika kumbuyo kwa roketi. Pakati pake panali mwezi waukulu.

Ana anakuwa. Makolo anaimirira. Amayi analuluta, lululu, mpaka aphunzitsi anadzidzimuka.

Anaona! Amayi anaona!

Kenako Amayi anayang'ana wotchi. "Mayo ine!" Anathamangira kukhomo.

"Amayi! Imani!"

Amayi anaima. Anacheuka. Mwaiwathu ankabwera akuthamanga, mahedifoni ali m'khosi.

"Chiyaninso, mwana iwe?"

Mwaiwathu anagwira m'chiuno. "Munthu sachoka osatsazika."

Amayi anaseka mpaka misozi. Anaika chikwama pansi. Anamukumbatira mwamphamvu.

"Wandigwira. Ndapita kuntchito, mwanangu. Tsala bwino."

Mwaiwathu anapinda mawondo pang'ono, motsanzira Shukuru. Sanathamange. Sanakuwe. Ananena pang'onopang'ono, mawu onse bwinobwino.

"Pitani bwino, Amayi."