Jekete la Malemu Danwell

Kwa Mphamba konse kunalibe mayi wodziwa kumenyetsa chitseko ngati aFaides Nyamtonga. Mungayende ku Chipata, mukafike ku Lusaka, mukazungulire ku Nakonde, simudzamva chitseko cholankhula ngati chawo. Koma m'mawa wa Loweruka limenelo, mu Okotobala wa 1995, anangochikankha ndi phazi n'kukhala pakhonde, miyendo yawo yotupa ataitambasula. Ukali womwe unali utawatopetsa.

Mkamwana wawo Keziya, mkazi wa mwana wawo malemu Danwell, anagwada chapatali. Pambali pake panali mtolo wa zovala womangidwa m'chitenje.

"Amama, ndamanga monga munanenera. Koma ndikapita, ndipita ndi Tiyamike."

"Tiyamike ndi wa kwa Zimba," anayankha aNyamtonga osamuyang'ana. "Tinapereka ng'ombe zinayi. Kuno si kwanu ku Kasungu kumene ana amalondola mayi ngati anapiye."

"Mwana wa zaka zisanu, amama! Akadwala, zidzamubereka kumsana ndi ng'ombe zinayizo?"

"Pakamwa pakopo m'pamene pakuthamangitsa."

"Pakamwa panga pasunga zambiri," anatero Keziya, misozi ikutsikira m'masaya. "Inu mukudziwa."

ANyamtonga anayang'ana kumbali. Ankadziwadi.

Kutsidya kwa dambo kunali kamudzi ka Achewa a ku Kasungu, mabanja khumi okha. Anabwera kalekale kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, n'kukhazikika pakati pa Atumbuka eni nthaka. Keziya anachokera kumeneko. Zaka zonsezi mbali ziwirizi zinkabwerekana makasu ndi kunyozana pang'ono, monga achitira anansi kulikonse. Koma chaka chimenecho mvula inakana, ndipo padambo panatsala chitsime chimodzi. Ng'ombe za Haswell, mwana woyamba wa aNyamtonga, zinalowa m'dimba la anthu a ku Kasungu n'kudya chimanga chonse. M'mawa mwake ng'ombe imodzi inapezeka itatemedwa mwendo. Anyamata anamenyana pachitsime, wina anaphwanyidwa mutu, ndipo Lachinayi nyumba ziwiri za kutsidya zinatenthedwa dzuwa likuswa mtengo. Tsopano uku ankanola nkhwangwa, uko ankanola zikwanje. Haswell anali atalengeza kuti pofika Loweruka masana, aliyense wa ku Kasungu akhale atawoloka malire.

Anatulukira iyeyo pabwalo, atavala chipewa cha ku mgodi, paphewa atapachika gogodela, mfuti yakale ya malemu bambo ake. Chimuchotsereni ntchito ku Chingola chaka chathacho, chipewacho sanachivule.

"Mwawuka uli, amama?"

"Tawuka, adada. Mfutiyo ukupita nayo kuti?"

"Kukaperekeza alendo." Anayang'ana mtolo wa Keziya n'kuseka. "Mulamu wamanga kale? Wachita bwino. Ine ndagwira ntchito pansi pa nthaka zaka khumi ndi zisanu, ndi Abemba, Alozi, Alunda, ngakhale azungu. Anthu osayamika ngati awa sindinawaonepo. Jekete lachikopa lija ndinagulira mng'ono wanga ku Chingola, akulivala ndani lero? Eston, mchimwene wa mayi uyu! Munthu asanazizire m'manda, mkazi akugawa kale katundu kwa abale ake."

Keziya anayang'ana apongozi ake. Anadikira. ANyamtonga anangosisita bondo lawo. Mmene jeketelo linafikira pathupi la Eston ankadziwa bwino lomwe, ndipo kwa zaka pafupifupi zitatu analola kuti mlanduwo ausenze Keziya. Haswell anatuluka kukasonkhanitsa anthu ake. Keziya anadzuka, analowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo womenyetsa chitseko anali iyeyo.

Dzuwa litafika pamutu, aNyamtonga anamva kulira kwa ana. Amayi a kutsidya anali kubwera mothamanga, ena ndi makanda kumsana, ena atasenza mphasa ndi ndowa. Njira ya kumalire inali yaitali, ndipo ankaopa kuti anyamata awatsekereza m'thengo. Nyumba yokhayo imene anali ndi mbale wawo inali iyi. Anadzaza kuseri kwa nkhokwe, kukhitchini, mpaka pakhonde pomwe. Tiyamike anathamangira kwa agogo ake n'kubisa nkhope m'chitenje chawo.

"Mayo ine! Mwandibweretsera nkhondo pakhomo?" anakuwa aNyamtonga. Koma mphamvu zowathamangitsira analibe.

Kumbuyo kwa amayiwo kunabwera amuna asanu ndi awiri, zikwanje m'manja. Patsogolo panali Eston. Kutentha konse kwa Okotobala kuja, iye anali atavala jekete lachikopa lija, mabatani onse atamanga, thukuta likuchita kudontha pachibwano.

Sipanapite nthawi, gulu la Haswell linafika, amuna oposa makumi atatu, nkhwangwa, mikondo ndi zibonga. Anazungulira bwalo. Mbali ziwirizi zinaima moyang'anizana, pakati pawo pali mtondo ndi thandala lowumitsira mbale.

"Amama, lowani m'nyumba," anatero Haswell. Anatsitsa mfuti n'kuloza pachifuwa pa Eston. "Iwe wakuba, vula jekete la mng'ono wanga, kenako unyamuke ndi mtundu wako."

Eston sanamuyang'ane. Anayang'ana aNyamtonga.

"Amayi, ndivule?"

Keziya anatuluka m'nyumba n'kudzigwetsa pamapazi pa apongozi ake.

"Amama, munatilumbiritsa kuti tisanene, ndipo tasunga. Alamu anditchula wakuba pamaso pa mwana wanga, ndakhala chete. Ndakuphikirani, ndakuterekerani madzi a miyendo yanuyi tsiku ndi tsiku, ndakhala chete. Lero mukufuna kuti achimwene afe ndi mawu anu m'kamwa? Tiyamike adzakula akudziwa kuti atate ake aakulu anapha amalume ake chifukwa cha jekete?"

ANyamtonga anamva kamtima ka mdzukulu wawo kakugunda pantchafu pawo. Anamukankhira kwa mayi ake, anagwira mzati wa khonde, n'kudzuka pang'onopang'ono. Anatsika, anayenda motsimphina mpaka anakaima pakati pa mfuti ndi Eston.

"Haswell, Danwell anamuika ndani?"

"Mudzi wonse. Munandiuza nokha."

"Ndinakunamiza."

Mawu awo anali otsika, koma ngakhale amene anali kumsewu anawamva.

"Mng'ono wako anabwera kuchokera ku Chipata ndi kolera. Anadwala Lachiwiri, pofika Lachinayi anali atapita. Mvula inali itakokolola mlatho, thandizo silikanafika. Ndinalira pakhonde apo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Palibe anabwera." Anatembenukira ku gulu lija. "Bornwell, iwe msuweni wake, munkadyera mbale imodzi. Unali kuti?"

Bornwell anayang'ana pansi.

"Unakwera njinga n'kuthawira kwa apongozi ako ku Kapichila. Nanga inu aMateyu, akulu a mpingo? Munapempheradi, sindikana. Munapempherera kutsidya kwa msewu uko, mpango uli kumphuno, moti ngakhale ameni sindinamumve. Lero mwafika mpaka pamtondo wanga ndi mkondo. Matenda aja anatha eti?"

Wina mwa amayi a kutsidya anaseka mwangozi n'kudzigwira pakamwa.

"Mwana wanga anagona m'nyumba umu masiku awiri, ine ndi Keziya tikumuingitsira ntchentche. Tsiku lachitatu anabwera ndi awa. Eston uyu ndi anzake anayi. Anamusambitsa, anamukulunga, anamunyamula, anakumba manda mvula ikuwagwa. Mmodzi wa iwo anatenga matendawo, sabata isanathe anamwalira. Mkazi wake ndi uyo, Evelina, amene mwamutenthera nyumba Lachinayi."

Evelina, amene anakhala pafupi ndi nkhokwe atagwira ndowa yopsa mbali imodzi, anafunda chitenje kumutu n'kuyamba kulira.

"Jeketeli ndinamuveka ndine, ndi manja awa. Oika maliro, adzukulu, sabwerera chimanjamanja. Iwe unafika patapita masabata awiri, ndi suti yako ndi matumba a simenti a chiliza. Ndinachita manyazi kukuuza kuti mwana wa kwa Zimba anaikidwa ndi alendo, abale ake atabisala m'chimanga. Mudzi wonse unagwirizana nane, poti manyaziwo anali a tonse. Awa ndinawapempha kuti asanene. Ndipo chiyambire tsiku limenelo, ndikamuona Keziya ndimaona manyazi angawo akuyendayenda pabwalo panga. N'chifukwa chake ndinkafuna achoke."

Anapuma, akupumira m'mwamba. Misozi inali itanyowetsa kolala ya diresi lawo.

"Kuno kwathu, ngakhale kwawo komwe, munthu amene anakuikira maliro sumukwezera dzanja. Akutukwane, akugwirire nkhuku, iwe umangoseka. Wayenda kwambiri, mwana wanga, koma kodi kumigodiko anakuphunzitsa kuwombera mdzukulu? Ngati n'choncho, yamba ine. Ndatopa kale."

Haswell analozetsa mfuti pansi. Anatembenuka.

"Bornwell. Ndi zoona?"

Bornwell anatsamiritsa nkhwangwa yake pathandala ngati si yake.

"Mkulu, matenda aja anali oopsa..."

"AMateyu?"

AMateyu anali atayamba kale kubwerera chammbuyo, mkondo ataubisa kumsana.

Haswell anayang'ana nkhope imodziimodzi, anthu amene anamwa nawo mowa tsiku lomanga chiliza, amene anamuuza za nyimbo zimene anaimba kumanda. Palibe anamuyang'ana m'maso. Anakhala pansi m'fumbi, chipewa cha ku mgodi chinagwa n'kugubuduzika, ndipo analira mokweza ngati uthenga wa maliro wangomupeza kumene.

"Danwell, mng'ono wanga! Masiku awiri! Masiku awiri!"

ANyamtonga anatola gogodela ija, anaiimika, anatenga kapu ya madzi pathandala n'kuthira m'kamwa mwa mfutiyo mpaka onga wonse unanyowa. Kenako anaiponya pansi pa nkhokwe.

Eston anaika chikwanje chake pansi, ndipo anzake anachita chimodzimodzi.

"Alamu," anatero, "ng'ombe ija tinatema ndife. Sitikana. Mutu wa mnyamata uja tinaphwanyanso ndife. Milandu imeneyo tikambirane pabwalo, ife tikhalepo, tiyankhe ndi pakamwa pathu. Koma nyumba zathu ziwiri, ndi chimanga cha m'dimba, zikhalenso pabwalo pomwepo."

Haswell anapukuta nkhope ndi malaya.

"Zikhalapo. Udzu wofolerera ukamwetedwa ndi omwe anayatsa moto. Bornwell ayambe."

Si onse anakondwa. Ena mwa anyamata anachoka akung'ung'udza kuti nkhalamba yawalodza. Mabanja awiri a kutsidya ananena poyera kuti mudzi umene wakutenthera nyumba kamodzi sugonamo tulo kawiri, ndipo sabata yotsatira anawolokadi kubwerera ku Kasungu. Nkhani ya chitsime inadya Malamulungu atatu anthu akukangana pansi pa mtengo wa mango, mpaka anagwirizana kuti m'mawa azitunga anthu, masana zizimwa ng'ombe m'mwera wokumbidwa kumunsi, ndipo oyang'anira akhale awiri, wa uku ndi wa uko. Koma Loweruka limenelo magazi sanagwe.

Anthu akubalalika, Eston anavula jekete lija, poti thukuta linali litamumaliza, n'kulipachika paphewa. Kenako anawerama mwadzidzidzi n'kugwira tambala wamkulu woyera amene ankajompha pafupi ndi mtondo.

"Ee, ee! Iwe!" anakuwa Haswell. "Ameneyo ndi wa mbewu, ndinabwera naye kuchokera ku Chingola!"

"Ndiye ndi yemweyu," anayankha Eston akumupanira kukhwapa. "Nkhuku ya adzukulu yachedwa zaka zitatu, yabereka. Mawa ndibwerera thadzi. Zonsezi ndi za Evelina."

Haswell anayang'ana amayi ake, n'kumuleka Eston apite naye tambalayo.

Bwalo litatsala la eni ake, aNyamtonga anabwerera pakhonde n'kukhala pamalo pawo. Keziya anali atatsamira khoma, Tiyamike atagona pamiyendo pake. Mtolo uja unali pomwe paja.

"Masula mtolowo," anatero aNyamtonga.

Keziya sanasunthe.

"Mwanayu ndi wa ndani, amama?"

ANyamtonga anayang'ana Tiyamike. Mawu amene anawatuluka anali a chinenero cha kwawo, chimene sankachigwiritsa ntchito popepesa munthu aliyense.

"Phepa, mwana wane. Ndi wako. Ndi wathu ngati iwe ufuna."

Keziya anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anayang'ana mtolo, anayang'ana miyendo yotupa ya apongozi ake, imene tsopano inali yoyera ndi fumbi la pabwalo.

"Mtolo ndimasula mawa," anatero. "Lero ndatopa."

Anamugoneka mwana pamphasa, anadzuka, n'kupita kukatereka madzi a miyendo.