Queen Salowa M'matope

Sofiya anayamba waona chigubu, mwini wake n'kumuona pambuyo. Chinali chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, chikulendewera m'dzanja la mnyamata wovala tayi, thukuta lili kamukamu ngati wathamangitsidwa ndi agalu.

Zinali zaka zija mayunitsi a foni ankapweteka m'thumba, ndipo Sofiya ankaimbitsa lamya pa kathebulo kake pa siteji ya Chinsapo, m'mbali mwa msewu wa ku Likuni.

"Achemwali, ndiimbeko," anatero mnyamatayo. "Queen wandinyanyalira panjira."

"Pepani. Ndi akazi anu?"

Mnyamatayo anaseka n'kuloza kumtunda. Kumeneko kunali kagalimoto kofiira ngati phwetekere wakupsa, kakafupi ngati kagwada, zitseko ziwiri, mipando iwiri. Ana anali atakazungulira kale, ena akudziyang'anira pa magalasi.

"Galimoto yonse ija, mafuta a m'chigubu?" Sofiya sanathe kudzigwira.

"Queen samwa, achemwali, amapapira. Koma lero ndamukhululukira. Akanapanda kuima pano, ine ndikanakuonerani kuti? Dzina langa ndine Lucious."

Ha, pakamwa pa mwana wa munthu! Sofiya anayang'ana kumbali ngati sanamve, koma nambala yake anapereka.

Madzulo omwewo foni yake inalira. "Mngelo wa pa siteji, mpando wakumanzere wa Queen ulibe mwini. Ndimasungira iwe ndisanakudziwe."

Anauwerenga uthengawo mpaka anauloweza pamtima.

Loweruka lotsatira anakwera. Mayo ine, kukoma kwake! Injini ikabangula, anthu a m'minibasi ankasuzumira pa mawindo, makondakitala n'kumaimba likhweru. Sofiya, amene moyo wake wonse ankapanikizidwa anayianayi pampando wa minibasi, anatambasula miyendo n'kumva ngati Lilongwe yense ndi wa bambo ake.

"Ndidzakutengera kulikonse, switi," anatero Lucious, dzanja limodzi pa chiwongolero, lina pa dzanja lake. "Phazi lako lokongolali silidzapondanso fumbi."

Kunyumba nkhaniyo sinalandiridwe ndi nthungululu. Mayi ake, a Nachisale, anaiona galimotoyo kamodzi kokha ali pa siteji, ndipo kamodziko kanawakwanira.

"Iwe Sofiya, mipando iwiri? Ine ndikadwala ndidzakhala pati? Mwana akabadwa mudzamumangirira padenga?"

"Amayi, ndi sitayilo yake. Imeneyi ndi galimoto ya mpikisano."

"Akupikisana ndi ndani? Munthu wogula galimoto yotere anawerenga abale ake n'kupeza kuti alipo yekha."

"Inu simumudziwa!"

"Chabwino. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha."

Mawu amenewo anamuwawa Sofiya, ndipo kuwawako kunangomuumitsa khosi. Thandie, mnzake wogulitsa mandasi pa siteji pomwepo, atayesa kuikapo mlomo, naye analandira zake.

"Nsanje basi! Anene, atopa okha. Wanga ndi wanga."

Zoona zake, Queen anali mkazi wovuta kusunga. Anabwera kuchokera ku Japani atatumikira kale ambuye ena, ndipo misewu ya ku Lilongwe sankagwirizana nayo. Hampu iliyonse inkamukhula kumimba. Ekizozi ikawotcheredwa lero, mawa mashoki ayamba kulira. Mashoki akatonthola, kwabwera za inshulansi. Amakaniko a ku Biwi akamuona akutulukira ankamwetulira ngati mwezi watha, ndipo yankho lawo linali limodzi: "Bwana, sipeya ya imeneyi kuno kulibe, n'zoitanitsa ku Joni."

Nanga Lucious anali ndani? Kalaliki wamba wa ku Kanengo, wokhala chipinda chimodzi ku Area 25, matiresi pansi, tiyi wopanda shuga. Malipiro ake ankalowa m'thanki mwezi usanafike pakati. Zikatero, foni ya Sofiya inkalira.

"Wapamtima, Queen ali ndi ludzu. Ndithandizeko pang'ono, mawa ndikupititsa kukadya chipisi ku Area 3."

Sofiya ankathandiza. Ankadziwa kuti akudyetsa chitsulo, koma akakumbukira nkhope ya mayi ake, ankatsegula kachikwama mokwiya. Abwerere m'mbuyo kuti anthu aseke? Zosatheka!

Ndipo tsiku lina Lucious anawatseka pakamwa onse. Anatumiza malume ake, a Pearson a ku Dowa, kukaonana ndi a Mackson, malume ake a Sofiya. Akuluakuluwo anagwirizana: chinkhoswe mu Disembala, pakhomo pa a Nachisale.

Sofiya anayenda pa siteji mutu uli m'mwamba sabata yonse. Chipereganyu cha amayi a pamsika chitamugwera, ndalama yonse anakaiika m'manja mwa Lucious.

"Iyi ndi ya mphete zathu. Queen asainunkhize."

"Ndikulumbira, switi. Mphete yako idzawala mpaka apongozi adzafuna magalasi akuda."

Panatsala vuto limodzi. Kuchoka pa tala kukafika kwa a Nachisale, njira yake inali ya mabampu ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula, ndipo Queen anali asanapondeko chiyambire. Masiku onse Lucious ankamutsitsira Sofiya pa siteji, iye n'kumalizitsa wapansi.

"Koma tsiku limenelo ndidzalowa naye mpaka pakhomo," analonjeza Lucious. "Chinsapo yense adzadziwe kuti Sofiya watengedwa ndi ndani."

Ndiye Sofiya anatani? Anayamba kukonza msewu! M'mawa uliwonse asanatsegule bizinesi, ankasenza zidutswa za njerwa mu ndowa kuchokera pa uvuni wakale wa aneba n'kumakwirira maenje. Khosi linkawawa, zala zinachita matuza. Anyamata a pa bawo ankamukuwiza.

"Boma latumiza kontilakita wamkazi!"

"Sekani," ankayankha osatembenuka. "Mudzayamba ndinu kuthamangira galimotoyo."

Tsiku linafika. Mbandakucha kunagwa chimvula chija chimazula ndi mitengo yomwe, ndipo madzi anakokolola njerwa zonse za Sofiya n'kukaziunjika kudambo. Koma dzuwa litakwera kunacha bwino. Tenti inaimikidwa, mipando ya ku tchalitchi inayalidwa, wa zoimbira analumikiza masipika ake.

A Pearson anatsika minibasi pa siteji, anapinda buluku mpaka m'mawondo, n'kuyenda m'matopemo tambala wa chinkhoswe ali m'khwapa. Abale ena a Lucious anabwera chimodzimodzi, atanyamula khasu ndi nkhwangwa. A kuchikazi anali atakonzeka ndi msoti wawo, lichero, mthiko ndi chipande.

Mwini nkhani yekha ndiye kunalibe.

Sofiya anali kuchipinda ndi Thandie, atavala chilundu chake chatsopano, akudikira kufunditsidwa chitenje kuti mwamuna wake adzamuzindikire pakati pa atsikana ena monga mwa mwambo. Nyimbo zinatha, wa zoimbira n'kuziyambiranso. Mpunga unazizira. Kunja manong'onong'o anayamba kukula.

Kenaka foni inalira.

"Switi ndili pa tala. Msewu wafoira, Queen sangalowe. Uwauze amalume tisinthe tsiku. Ndimakukonda."

Sofiya anawerenga kawiri. Tisinthe tsiku? Anthu achoka ku Dowa, mayi ake agulitsa mbuzi, iye wathyoka khosi ndi njerwa, ndiye tisinthe tsiku?

Anavula nsapato zake zazitali, anazigwira m'manja, n'kutulukira khomo lakuseri.

Anamupeza Lucious pa tala atanjuta pambali pa galimoto, suti ili pathupi, akupukuta matope pa limu ya tayala ndi kampango ka m'thumba.

"Lucious, dzuka tizipita. Anthu akudikira."

"Switi, taona wekha ngalandeyo. Ndikangolowetsa, sampu ya pansi pa injini yaphulika."

"Isiye pompano. Tiyende wapansi, si patali."

"Ndiisiye pamsewu? Mafana a kuno andizulira magalasi."

"Ndiitana achimwene adzailondere mpaka madzulo."

Lucious anaimirira n'kuyang'ana nsapato zake zonyezimira, kenaka matope.

"Sofiya, tamvetsa. Anthu onse aja akudziwa kuti ndine mwini Queen. Ndikatulukire wapansi, matope m'miyendo, ngati ndani? Ngati wogulitsa makala?"

"Ngati malume ako! Munthu wamkulu uja wayenda m'matope momwemu, tambala wako ali m'khwapa. Ine ndayendamo opanda nsapato. Iwe ndiwe ndani?"

Lucious anacheukira ku galimoto yake. Pamenepo m'pamene maso a Sofiya anagwera pa mataya. Onse anayi anali atsopano, akuda bii, timinga ta labala tisanathothoke n'komwe.



"Ndionetse mphete."

"Switi..."

"Ndati ndionetse mphete, Lucious!"

"Tamvera kaye. Mataya aja anatha mpaka mawaya kuonekera, atrafiki anandigwira kawiri. Ndipo saizi imeneyi sipezeka wamba, ndinachita kuitanitsa. Ndimati mwezi ukatha ndigula mphete zabwino kuposa zija, ndiye ndimaganiza kuti tikasuntha tsikuli pang'ono..."

"Ndiye mvulayi yakuthandiza."

"Usatero, wapamtima. Zonsezi ndimachitira ife. Ukanakonda ndibwere pa chinkhoswe ndi mataya akutha?"

Sofiya anamuyang'ana mnyamata uja anamukonda mpaka kukangana ndi mayi ake omubereka. Ankamukondabe, ndipo chimenecho ndiye chinkawawa koposa. Misozi inatsika yokha, yotentha, iye osaipukuta.

"Ndakhala pamitala chaka chonse osadziwa," anatero. "Mkazi wamkulu ndi uyu. Ine ndinali wongomugulira zakudya."

"Sofiya, ndi galimoto chabe!"

"Ngati ndi galimoto chabe, itseke, undigwire dzanja, tiyende. Ndikupita nawe ngakhale opanda mphete. Ndikawauza ndekha amalume, manyaziwo ndisenza ine. Tiye!"

Anatambasula dzanja. Analidikiritsa m'malere.

Lucious anayang'ana dzanjalo. Anayang'ana Queen. Minibasi inadutsa pafupi n'kuwaza madzi akuda pa chitseko chofiira chija, ndipo iye, mosaganiza n'komwe, anawerama n'kuyamba kupukuta.

Sofiya anabweza dzanja lake.

Ulendo wobwerera sanadzere kuseri. Analowera kumaso, pakati pa tenti, matope mpaka m'akakolo, nsapato m'manja. Nyimbo inazima. Anapita pamene panakhala ankhoswe n'kugwada.

"Malume, munthu uja ali pa tala. Akuti galimoto yake singaponde matope, ndipo iye sangayende wapansi. Akupempha kuti tsiku lisinthidwe."

A Mackson anakhosomola. "Chabwino, mwanangu, tikhoza kukambirana ndi anzathuwa kuti mwina..."

"Ayi, malume. Tsikuli lisasinthidwe. Lifafanizidwe."

A Pearson anavula chipewa n'kuyang'ana pansi.

"Mayi, mwana ameneyu watichotsa ulemu," anatero. "Ndipite ndikamukoke ndi khutu?"

"Musavutike, bambo. Mwamuna wochita kukokedwa ndi khutu ndikamusunga bwanji? Inu mwayenda ulendo wautali. Khalani, mudye."

Atatero anaimirira n'kutembenukira kwa anthu. Ena mwa iwo anali omwe aja ankamuseka ndi ndowa ya njerwa, ndipo ankadikira kuti agwe pansi, alire, anyamulidwe. Anadikira pachabe.

"Mpunga waphikidwa, nkhuku zaphedwa, tentiyi talipira mpaka madzulo," anatero mokweza. "Palibe achoke ndi njala pakhomo pa mayi anga. Achimwene a zoimbira, ikani nyimbo!"

Nyimbo inayamba mwamanyazi. Sofiya analowa pabwalo yekha, wopanda nsapato, misozi ikutsikabe, n'kuyamba kuvina.

Chimene ankaopa kwambiri chinali maso a mayi ake. A Nachisale anadzuka pampando pang'onopang'ono n'kubwera molunjika kwa iye. Sofiya anakonzeka kumva za nsatsi zija. Koma mayiwo anamasula chitenje chawo chapamwamba, anamumanga nacho m'chiuno mwana wawo, anachikoka mfundo mwamphamvu, n'kuimba nthungululu yomwe inamveka mpaka kudambo.

Amayi a chipereganyu anakhamukira pabwalo. Ngakhale alongo ake a Lucious anadzuka n'kulowa nawo, akulira.

Gule ali pakati, Thandie anadzipanikiza mpaka anamufika, foni ya Sofiya ili m'manja.

"Asisi, ndi Lucious. Akuflasha. Aka n'kachitatu."

Sofiya anaseka, kuseka kowawa kochokera pansi pa mtima. Ngakhale lero, munthuyo ankafuna kuti aimbiridwe ndi mayunitsi a Sofiya!

"Ndimuimbire?" anafunsa Thandie.

"Izimitse," anatero Sofiya, akupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje cha mayi ake. "Mwini wake watanganidwa, akuvina."