Dzanja Limene Dorika Anakweza

Dorika anakumana ndi Pius pamzere wa feteleza wa makuponi pa Santhe, ndipo anayamba kumunyoza asanamuone n'komwe nkhope.

Linali tsiku lachiwiri anthu ali pamzerepo. Dzuwa la Novembala linali litawaphika onse, ndiye azibambo, pofuna kuiwala njala, anayamba kukangana za Chigafa United, timu ya kwawo imene inagonja Lamlungu lapitalo. Wina ankati vuto ndi kochi. Wina ankati anyamata akutsogolo alemera ndi mango. Dorika, amene anabwera ndi kuponi ya mayi ake ataimangirira pansonga ya chitenje, anapirira mpaka pakhosi panamuyabwa.

"Abambo inu, musazungulire," anatero. "Vuto ndi goloboyi. Mpira wapansi amagwira, sindikana. Koma ukabwera wam'mwamba amatuluka mochedwa ngati akukapempha kaye chilolezo kwa apongozi."

Anthu anaseka, koma maso awo onse anali kumbuyo kwake.

"Pitirizani, achemwali," anamveka mawu odekha. "China chimene amalakwitsa n'chiyani?"

Atacheuka anaona mnyamata wamtali wovala chipewa cha mlaza. Anali Pius yemweyo, goloboyi wa Chigafa. Mtsikana wina akanapepesa, kapena kunamizira kuti amanena wa timu ina. Koma Dorika anabadwa wopanda mabuleki pakamwa.

"China n'chakuti chigoli chikalowa mumakalipira anzanu, pamene wolakwa ndinu."

Pius anavula chipewa n'kuseka mpaka misozi.

"Zaka zinayi ndili pagolo, palibe anandiuzapo zimenezi pamaso. Dzina ndani?"

Feteleza atapezeka, Pius anasenza thumba la Dorika paphewa mpaka pangolo ya kumudzi kwawo, ndipo sanachoke asanapatsidwe nambala ya foni. Ngolo isanafike n'komwe kumudzi, uthenga unali utalowa kale.

"Dori, iwe ndiwe kuponi yanga. Ndakupeza movutikira, ndipo mavenda abwere ndi chiyani kaya, sindikugulitsa."

Dorika anayankha mwachidule: "Mawu okoma sagwira mpira. Mawa mukaphunzire kutuluka msanga."

Musapusitsidwe ndi yankho limenelo. Uthengawo anauwerenga mpaka batire linatha, ndipo m'mawa mwake anayenda wapansi kukatchajitsa foni kumalo ometera tsitsi pa Santhe, pamene panyumba panali ntchito yowokera fodya.

Mvula itakhazikika, chikondi nacho chinali chitamera. "Inu" anatha, panatsala "iwe". Pius ankamutchula shuga wa m'tiyi wake, duwa la pa Santhe, kochi wake wapamtima. Lamlungu lililonse Dorika ankaima kuseri kwa golo, ndipo mpira ukangokwera m'mwamba ankakuwa kuti, "Tuluka!" Pius ankatulukadi. Chigafa inayamba kupambana, masapota n'kumati mnyamata wapeza mankhwala. Mankhwalawo anali atavala chitenje kumbuyo kwakeko.

Tsiku lina akumuperekeza kuchokera kutchalitchi, Pius anaima panjira n'kumugwira chala.

"Dori wanga, fodya akangopita kumsika wa ku Chinkhoma, atsibweni anga afika kwanu. Ndikulonjeza."

"Ndipo ine ndilonjeze chiyani?"

"Kuti udzakhala mbali yanga, kugwe mvula, kuwale dzuwa."

"Ndalonjeza," anatero Dorika, ndipo ananena ndi mtima wonse.

Pofika Epulo, Chigafa inali italowa fainolo ya chikho cha m'boma lonse, yokakumana ndi Mwase Hammers pabwalo la pa Boma. Kunamvekanso kuti timu ina yaikulu ya ku Lilongwe itumiza munthu wodzaona magoloboyi. Pius ankalankhula za zimenezo ngakhale pamene sanafunsidwe.

Tsono Chigafa inali ndi mwambo wake. Timuyo inalibe bwana woithandiza. Chaka chilichonse sapota aliyense ankatapako fodya pang'ono m'chigafa mwake, ndipo fodyayo ankadindidwa belo la timu, logulira majezi ndi mipira. Wopereka fodya ndiye anali ndi dzanja. Lachinayi la sabata ya masewero aakulu ankakumana m'chigafa cha a Nelson, ndipo malo alionse okanganirana ankagamulidwa pokweza manja. A Nelson anali kochi dzina lokha, chifukwa timu ankaisankha ndi masapota. Dorika naye anali ndi dzanja lake, poti mzere umodzi wa fodya m'munda wa mayi ake ankaulimira timu.

Kutatsala masiku khumi, Pius anamuitanira kuseri kwa mjigo. Anapinda malaya a manja aatali, ndipo Dorika anagwira pakamwa. Dzanja lamanja linali litatupa kuyambira pachikhatho mpaka pamkono.

"Timadinda mabelo, chitsulo cha jeke chinapulumuka n'kundimenya," anatero Pius. "Usauze munthu, Dori. Ngakhale Feggie."

Feggie anali msuweni wa Dorika, amene ankamuuza chilichonse.

"Tiye kuchipatala lero lomwe," anatero Dorika.

"Akandikulunga pulasitala, basi zanga zatha. Mwayi ngati uwu subwera kawiri kwa mwana wa mlimi. Lumbira kuti sunena."

Dorika anamuyang'ana m'maso, n'kuona mantha amene sanawaonepo.

"Sindinena," anatero.

Koma mpira subisa. Pokonzekera masewero, Pius ankaukankha ndi dzanja lamanzere, wina n'kumupulumuka. Masapota anayamba kung'ung'udza, ndipo dzina la Tsoka, goloboyi wachiwiri amene anakalambira pabenchi, linayamba kumveka.

Lachinayi chigafa cha a Nelson chinadzaza, anthu atakhala pansi pa fodya wopachikidwa. Malo ena onse anagamulidwa mosavuta. Atafika pagolo, phokoso linabuka.

"Munthu dzina lake Tsoka n'kumupatsa golo pafainolo?" anafunsa mayi Feliya ogulitsa zitumbuwa, amene mawu awo ankamveka mpaka kumsewu. "Pius watifikitsa pano. Lero mwakhuta?"

"Mayi, dzulo lokha wataya mipira isanu," anayankha bambo wina. "Tsoka ndi wamfupi, inde, koma amadumpha ngati chule."

"Chule amadumpha, koma munamuonapo atagwira kanthu?"

Anaseka onse, ngakhale Tsoka mwini wake. A Nelson anati manja akwere. Manja a mbali ya Pius anakwera khumi ndi asanu ndi anayi. A Tsoka nawonso chimodzimodzi.

"Pali amene sanakweze," anatero a Nelson akuunguza. "Dorika."

"Ameneyo musavutike kumufunsa, tikudziwa kale," wina anatero, anthu n'kusekanso.

Pius anali ataima pakhomo, dzanja lili m'thumba, akumwetulira ngati munthu amene wapambana kale. Dorika anamuyang'ana. Anakumbukira womwetsa zigoli wa Hammers, amene kumenya kwake kunathyolapo chala cha goloboyi wa ku Lukwa. Mpira wotero utamenya dzanja lija, lingatsale dzanja? Dzanja lomwelo ndi limene linkalima, kuthyola ndi kusoka fodya. Anganene chifukwa? Analumbira. Angavotere Pius? Ndiye kuti akumutumiza yekha kukapundulidwa.

"Amene akuti Tsoka," anabwereza a Nelson mongokwaniritsa mwambo.

Dorika anakweza dzanja.

Kumwetulira kwa Pius kunazimiririka pang'onopang'ono.

"Chifukwa chiyani, mwanangu?" anafunsa mayi Feliya.

"Ndaona choncho basi," anayankha Dorika akuyang'ana pansi.

Atadzutsa mutu, pakhomo panalibe munthu. Uthenga unamupeza ali m'njira.

"Ndinkayesa ndapeza mkazi, osadziwa kuti ndapezera Tsoka sapota. Unati udzakhala mbali yanga. Usandiimbirenso."

Misozi ikudonthera pafoni, Dorika analemba: "Pius wanga, udane nane uli ndi manja awiri." Yankho silinabwere. Anaimba kanayi, foni inali yozimitsa.

Masiku atatu amenewo anamuwawa Dorika kuposa masiku onse a moyo wake. Ankasankha fodya akulira, mpaka mayi ake anamuchotsa pantchitoyo poona kuti akusakaniza wofiira ndi wachikasu. Kumjigo amayi ankaleka nkhani akamuona. Pofika Loweruka mudzi wonse unali utagwirizana kuti iye ndi Tsoka ali pachibwenzi kuyambira Khirisimasi, ndipo ena anali atawaonapo kale ndi maso awo.

"Tangonena chifukwa chake, anthu akusiye," anamudandaulira Feggie.

"Si changa choti ndinene."

"Nanga ukupita kumpirako kukatani? Akakudya wamoyo."

"Timu ndi yanganso," anatero Dorika, ndipo Lamlungu anakwera lole ya masapota, aliyense atamufulatira.

Tsoka anayesetsa, tisamunamizire. Anadumpha kumanja, anadumpha kumanzere, anagwira penate imodzi mpaka mayi Feliya anaiwala kuti amadana naye. Koma Hammers inali Hammers. Zigoli zitatu zinalowa, Chigafa n'kubweza chimodzi. Mlendo wa ku Lilongwe uja anachoka mpira usanathe, akukukuta chimanga chootcha. Pius anakhala pabenchi masewero onse osayang'ana kumbali.

Wezulo yomaliza italira, masapota anafuna pothira mkwiyo, ndipo sanavutike kusaka. Anamuzungulira Dorika pafupi ndi lole, ngakhale amene anakweza naye manja Lachinayi lija. Nyimbo inapekedwa pomwepo.

"Dorika wagulitsa, wagulitsa timu! Chikondi cha Tsoka chatidyetsa zitatu!"

Feggie ankamukoka kuti athawe. Dorika anangoima, misozi ikutsika. Mawu asanu okha akanamupulumutsa, koma sanawanene.

Kenako nyimbo inayamba kuzilala kuchokera kumbuyo. Pius ankadutsa pakati pa anthu. Anakwera pachitsulo cha lole, napinda malaya, n'kukweza dzanja lija kuti aliyense alione. Linali litada, zala zitatupa ngati chinangwa.

"Taonani," anatero. "Jeke inandimenya masabata awiri apitawo, ine n'kukubisirani nonse chifukwa cha dyera lofuna ku Lilongwe. Ndikanaima pagolo paja, simukanawerenga zitatu. Mukanawerenga zisanu ndi ziwiri, ine ndili pamachira. Mtsikana uyu ankadziwa. Ndinamulumbiritsa kuti asanene, ndipo mwamuimba nyimbo, mwamunamizira, ine ndamutaya, koma taonani, mpaka pano sananene. Ngati pali wogulitsa timu, ndine."

Mayi Feliya anagwira m'chiuno.

"Mwana wopusa iwe, dzanja limeneli umafuna ukagwire nalo mpira kapena maliro?"

Anthu anaseka mwamanyazi, ena akukanda m'mutu. Amene anayambitsa nyimbo anapezeka kuti akumanga zingwe za nsapato. Pius anatsika, nafika pamaso pa Dorika, ndipo pagulu lonselo anagwada.

"Dori, ndakulakwira. Ndakhala pabenchi paja ndikuona mipira imene Tsoka amatchinga, dzanja langa likuwawa pongoiona. Unali mbali yanga pamene ine mwini ndinali mdani wanga. Ndikhululukire, wapamtima. Fodya apite asapite, Loweruka atsibweni anga akubwera."

Dorika anapukuta misozi ndi chitenje. Mtima wake unali utavomera kale, koma pakamwa paja panali pake pomwe.

"Dzuka, ukundichititsa manyazi. Atsibweni adikire. Chipatala chili apo."

Anamugwira dzanja lamanzere n'kuyamba kumukoka, masapota akuwapatsa njira, Feggie akululutira yekha kumbuyo. Atatuluka pabwalo, Pius anayesa mwayi wake.

"Ndiye dzanjali likapola, voti yako ndi yanga?"

"Mtima ndi wako. Voti ukaigwirire ntchito pagolo."

Kuchipatala namwino analiyang'ana dzanjalo, napukusa mutu, n'kunena kuti fupa lang'aluka koma lipola, bola asalivutitsenso. Anatenga cholembera kuti alembe dzina la womuyang'anira wodwala, n'kuloza Dorika.

"Awa ndi akazi anu?"

Pius anayang'ana Dorika mwamantha.

"Lembani choncho," anatero Dorika.