Kaulusi Kobiriwira pa Kolala ya Fermín

Anakumana pa siteji ya pamwamba pa phiri, pomwe mabasi amaima kuti alendo ajambule mitambo ili pansi pawo. Nicolasa ankagulitsa pamenepo nsalu zowomba yekha. Fermín, mnyamata wa ku Todos Santos woperekeza alendo, anatsika basi n'kugula kansalu komwe sankakafuna n'komwe.

"Duwa lomera m'chisanu chonchi, dzina ndani?"

Abale inu, pakamwa pa munthu uja panali uchi! Sipanathe mwezi, foni ya Nicolasa inali yosapuma. "Wadzuka bwanji, mtima wanga?" Mawa lake: "Chimanga chikauma ndibwera ndi akuluakulu kudzakupempha kwa bambo ako."

Koma Nicolasa anali mmisiri wa ulusi, ndipo diso lake silinkachoka pa kolala ya malaya a Fermín. Kwawoko kolala amakuwombera mayi ako, apo ayi mkazi wako. Iyi inali yatsopano, yofiira psuu, ndipo m'mphepete mwake munadutsa kaulusi kamodzi kobiriwira.

"Anakuwombera ndani?"

"Amayi."

"Amayi omwe aja unati manja amanjenjemera, satha n'kugwira kapu komwe?"

"Iwe, nsanje idzakupha! Anawomba kalekale, ndinangosunga."

Kalekale? Ulusi wosalawako madzi n'kamodzi komwe? Mtima wa Nicolasa unakana kukhala pansi. Anayamba kumuwombera kolala ina, miyezi iwiri ali chogwada, msana ukuwawa. Ankafuna aone ngati adzaivala pagulu.

Tsiku la mpikisano wa akavalo wa ku Todos Santos litayandikira, anamulembera: "Ndibwere ndidzakuonerere?"

"Usavutike, wokondedwa. Chaka chino sindikwera, ndikhala ku mabwinja a Zaculeu ndi alendo. Ndiwe wekha, ndikulumbira."

Mwana wa ku Todos Santos kuthawa kwawo tsiku limenelo? Bodza lina limachita kununkha. Nicolasa anakulunga kolala ija, n'kukwera basi ya m'mamawa.

Anapeza malimba akulira, okwera akavalo ataledzera kale, nthenga za pa zipewa zili petupetu. Anapanikizika pa mpanda pafupi ndi mayi wina woyembekezera, yemwe anamubenthulira chimanga chootcha. Poti athokoze, maso anagwera pa bulauzi ya mayiyo. Yofiira psuu. M'mphepete, kaulusi kobiriwira.

Nicolasa analoza kaulusiko.

"Mumawomba bwino, achemwali. Kobiriwiraka ndi kawombedwe ka kuno?"

"Ayi, n'kanga ndekha," anaseka mayiyo. "Ndimaika kuti zovala za m'nyumba mwanga zisamasochere."

Fumbi linabuka. Akavalo anadutsa ali liwiro la mtondo wadooka, mmodzi anapunthwa, wokwera n'kugwa chagada, chipewa uko.

"Fermín!"

Anakuwa awiri, nthawi imodzi.

Mayi uja anatembenuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba. Anayang'ana nkhope ya Nicolasa, kenako kaphukusi kali m'manja mwake, kolala itasuzumira.

"Bambo a kunyumba kwanga mwawadziwira kuti?"

Uko Fermín anali atadzuka, akusasa fumbi, akuseka ndi anzake. Atawaona awiriwo ataima phewa ndi phewa, kuseka konse kunauma.

Nicolasa anamva chifuwa chikung'ambika. Miyezi yonse ija, malumbiro onse aja! Anabweza kolala m'kaphukusi, misozi ili chuchuchu.

"Sindiwadziwa, mayi. Ndimangoyesa ndikuwadziwa. Pa munthu yenseyu, chimene chinandiuza zoona ndi kaulusi kanu kokha."