Madzi a M'chigawo Chachisanu

Mtembo anaupeza Lachitatu nthawi ya 6:20 m'mawa, m'chigawo chachisanu cha munda wa mpunga kuseri kwa tauni ya Mortara. Unagona chafufumimba m'madzi olekeza m'akakolo, mutu utang'ambika kunkhongo.

Sajeni Ottavio Brusa anavula nsapato n'kulowamo. Madziwo anali phee, ofiira pozungulira mutu pokha. Kumtunda kunaima amayi opalira mpunga, oposa makumi asanu.

"Ndani uyu?"

"Mukufunsa ngati simunamutsekerepo kawiri," anayankha mayi wina wa chipsera pamlomo. "Ndi Ersilia Gaviglio."

Ankamudziwadi. Ersilia anayamba kupalira ali ndi zaka khumi, misundu ikumuyamwa m'miyendo. Atakula anayambitsa bungwe la amayi, ndipo tsopano linali tsiku lachisanu ndi chinayi akunyanyala ntchito, akufuna maola asanu ndi atatu m'malo mogwira dzuwa mpaka kulowa.

"Wapha ndi kapitawo Ranghino!" amayi anakuwa. "Mukapanda kumumanga, timuotchera m'nyumba!"

Nthawi ya 9 koloko Ranghino anali kupolisi pamaso pa Brusa, thukuta kamukamu.

"Unamuuza kuti udzamukwirira m'matope?"

"Pakamwa pokha, bwana. Mkazi uja ankalankhula ngati wameza belu la tchalitchi."

"M'bandakucha unali kuti?"

"Kusiteshoni, kudikira aganyu ochokera kumapiri oti alowe m'malo mwa alesiwa."

Wogulitsa matikiti anavomereza: Ranghino anakhala pabenchi kuyambira 3:30 mpaka sitima ya 6 koloko. Brusa analavula. Munthu woipa ndithu, koma nkhani si yake. Anamusungabe m'chitokosi kuti asawotchedwe.

Masana anabwerera kumunda. Madzi a mpunga sagona: amalowa m'chigawo choyamba, n'kutsikira chachiwiri, mpaka kumunsi. Koma chigawo chachisanu ndi chimodzi chinali chitaphwa, matope ali poyera. Polowera ndi potulukira madzi a m'chigawo chachisanu wina anali atatsekapo ndi matabwa, n'kumata bwinobwino ndi dothi. Mlimi wina wokalamba anamuuza kuti chigawo chimatenga maola asanu ndi atatu kuti chiphwe chotero. Brusa anayang'ana wotchi. Inali 12:30.

Woyang'anira madzi anali Eusebio Tricerri, mlembi wa bungwe la abambo, amene ankanyamula mbendera yofiira pazionetsero. Anamupeza m'holo ya bungwe akukonza zoti akalankhule pamaliro.

Kupolisi Tricerri anakhala pampando asanauzidwe.

"Mwatiphera mnzathu, ndiye mukufuna kutinamizira ife?"

"Za imfayi munamva nthawi yanji?"

"Cha m'ma 7, kwa amayi."

"Madzi a m'chigawo chachisanu anatseka ndani?"

"Ine. Nditangomva. Magazi akanatsikira kumpunga wonse."

"Matope akuti munatseka 4:30. Mtembo usanaoneke."

Tricerri anaseka. "Matope ayamba kulankhula liti?"

"Amanama pang'ono kuposa anthu. Wina aliyense akanamenya n'kuthawa. Ndani angaime pambali pa mtembo n'kuyamba kumata dothi mosamala chonchija? Fosholo yanu ili kuti?"



Brusa anatsegula chitseko. Analowa mayi wa chipsera uja. Anali Delfina, mkazi wa Tricerri.

"Kwa masabata atatu ndakhala ndikugona kwa Ersilia," anatero, osayang'ana mwamuna wake. "Mano awiriwa anandigulula ndi bambowa. Ersilia anati Lamlungu akanena pamsonkhano, pamaso pa onse, kuti munthu sanganyamule mbendera ya osauka ndi dzanja lomwe amathyolera nthiti za mkazi wake."

"Tseka pakamwa, galu iwe!"

"Ndatseka zaka khumi ndi zinayi."

Tricerri anagwetsa mapewa. Kenako zinayamba kutuluka zokha.

"Ankadutsa pangalande m'mamawa uliwonse kukaona ngati aganyu abwera. Ndinamupempha mwaulemu. Ndinati, Ersilia, za m'nyumba n'za m'nyumba, tilimbane ndi mabwana kaye. Anati, 'Kwa Delfina bwana ndiwe.' Ine! Amene ndinamuphunzitsa kuwerenga! Atatembenuka ndinamumenya ndi fosholo kamodzi kokha."

"Nanga madziwo?"

Tricerri anamuyang'ana modabwa, ngati wafunsidwa zopusa.

"Mpunga unalakwanji? Zaka makumi atatu sindinalowetsepo madzi oipa m'munda."

Anasaina chikalata chovomera mlandu nthawi ya 4:10 madzulo.

Delfina anagwira mkono wa Brusa pakhonde. "Bwana Sajeni, bisani mpaka Loweruka. Akamva kuti wapha ndi wa bungwe, sitiraka yatha. Masiku atatu okha, mabwana agonja."

Brusa anafuna kuvomera. Koma mkulu wake wa kupolisi anali atatumiza kale uthenga kwa mwini munda, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani inali pakamwa pa aliyense: a mbendera yofiira akuphana okhaokha. Abambo a bungwe anakana kunyamula bokosi la Ersilia, ati mkaziyo anawonongetsa munthu wabwino. Analinyamula amayi asanu ndi mmodzi.

Lachisanu, 4:30 m'mawa, Brusa anatumidwa kukalondera obwerera kuntchito. Amayi analowa m'madzi m'mizere, misana yowerama, Ranghino ali kumbuyo ndi ndodo yake.

"Iwe Delfina," anaitana kapitawoyo, "chigawo chachisanu ndi chako. Udzu wakula bwino pamenepo, pali manyowa."

Delfina anakwinya siketi n'kulowa.