Rakele Aimitsa Malole

Rakele ankayanika ufa pamphasa. Ankauyala pang'onopang'ono. Ankausalaza ndi dzanja, uku ndi uku. Ufawo unali woyera mbee.

Rakele anali mwana wamanyazi. Kusukulu sankakweza dzanja. Alendo akabwera, ankabisala kuseri kwa nkhokwe.

"Ndapita kudimba," anatero amayi ake. "Ulondere ufawu. Chimanga chatsala pang'ono. Ukawonongeka, tidya chiyani?"

Rakele anangogwedeza mutu.

Kunabwera nkhuku. Rakele anaithamangitsa. Kunabwera mbuzi. Rakele anaithamangitsa. Kenako kunabwera fumbi.

Fumbi salithamangitsa.

Kumunsi kwa phiri, anthu ankamanga mlatho. Msewu wa ku Kasakula anautseka. Malole onyamula miyala ankadzera njira ina. Njirayo inadutsa pakhomo pawo penipeni. Lole ikadutsa, fumbi linkadzuka. Fumbi lofiira. Linkagwa pazovala. Linkagwa m'ndowa. Linkagwa paufa.

Galimoto yothira madzi inalipo. Koma inkathira kumlatho kokha. Amayi anali atadandaula kale. Anthu a msewu anati, "Tamva." Madzi sanabwere.

Lole inadutsa. Ufa wa m'mbali unafiira. Rakele anautola ndi zala. Lole ina inadutsa. Ufa unafiiranso. Rakele analuma mlomo.

Ndiye anakumbukira. Kumlatho kumaima mayi wina ndi mbendera yofiira. Akakweza mbendera, malole amaima. Rakele amawaona popita kusukulu.

Pachingwe panali mpango wa amayi. Mpangowo unali wofiira. Rakele anaumanga kunsungwi. Anakwera pachulu, m'mbali mwa njira. Anakweza nsungwi m'mwamba.

Lole inabwera. Inaima. Ina inabwera. Inaimanso. Ina, inanso. Malole anandanda mpaka kuphiri.

Dalaivala wa kutsogolo anasuzumira pawindo. Anali a Elifala, a m'mudzi momwemo.

"Iwe Rakele, ntchito ya msewu wayamba liti?" anafunsa akuseka. "Chipewa chako chili kuti?"

Rakele sanatsitse mpango.

Posachedwa kunabwera njinga yamoto. Panali a Bonifasi, kapitawo wa msewu. Anavula chipewa chawo choyera. Nkhope inali itakwinyika.

"Ndani waimitsa malole anga?"

"Bwana watsopanoyu," anatero a Elifala. Madalaivala onse anaseka.

"Tsika apo, mwana iwe," anatero a Bonifasi. "Kumlatho akudikira miyala."

Rakele sanatsike.

Amayi anamva phokoso la mahutala. Anabwera akuthamanga, khasu lili m'manja.

"Pepani, bwana. Ndi mwana uyu," anatero amayi. "Rakele, tsitsa mpango wanga."

Rakele anayang'ana amayi. Anayang'ana mphasa. Sanatsitse mpango.

"Kodi salankhula?" anafunsa a Bonifasi.

Rakele anatambasula dzanja lake lina. M'dzanjamo munali ufa wofiira uja.

"Lawani, bambo," anatero. Mawu anali aang'ono kwambiri.

"Watani?"

"Lawani."

A Bonifasi anayang'ana madalaivala. Madalaivala anayang'ana a Bonifasi. A Bonifasi anatapa pang'ono. Anaika pa lilime. Mchenga unalira m'mano. Analavula.

"Mwakhuta, bwana?" anafunsa a Elifala. "Ife ndi umene timadya m'mudzi muno."

Ulendo uno a Bonifasi sanakwiye. Anapita pamphasa. Anawerama. Anaona ufa. Anaona madzi ofiira m'ndowa. Kenako anaimba foni.

"Bwera ndi madzi kumtunda kuno. Ee, pompano."

Anatembenukira kwa Rakele. "Madzi akubwera. Tsitsa tsopano."

Rakele anapukusa mutu. Dzanja linatopa. Anagwira ndi dzanja lina. Amayi anasiya khasu pansi. Anakwera pachulu. Anagwirako nsungwi ija.

Galimoto ya madzi inafika. Inathira madzi panjira, waa. Inathira kuyambira kuphiri mpaka kumunsi. Dothi linanyowa. Linanunkhira ngati mvula yoyamba.

Rakele anatsitsa mpango. Malole anayamba kuyenda. Anayenda pang'onopang'ono. Fumbi silinadzuke. Ufa wa pakati pa mphasa unali woyerabe.

Amayi anamugwira paphewa. "Ufa wapulumuka, mwanawe," anatero.

A Bonifasi anakwera njinga yawo. "Basi, tamvana?" anafunsa.

Rakele anawayang'ana m'maso. Ulendo uno mawu anamveka bwino.

"Mawa a Kristina, oyandikana nafe, ayanika ufa wawo. Mkuja ndi ifenso. Madzi azibwera tsiku lililonse, bambo. Akapanda kubwera, mundipeza pachulu pompa."