Mwana wa Zigamba

Kalipentala ankasesa utuchi pakhonde la shopu yake, dzuwa litapendeka, pamene mkazi wa woumba njerwa anatulukira akuthamanga, nsapato imodzi ili m'manja.

"Achimwene, tabwerani mudzaone msana wa amuna anga."

"Agwa?"

"Ayi. Amera duwa."

Anapitadi. Pamsana pa woumba njerwayo, m'munsi mwa phewa, panali duwa lofiira losokedwa ndi ulusi pakhungu penipeni, lokongola moti munthu unkachita manyazi kuliyang'anitsitsa. Magazi panalibe, ululu panalibenso. Koma ukadina ndi chala, pansi pa duwalo panali mphako, mnofu utachotsedwa. M'mphepete mwake munkalendewera kaulusi. Mkazi uja, poganiza kuti akuthandiza, anakakoka, ndipo mwamuna wake anayamba kumasuka ngati juzi yakale. Pofika m'mawa pabedi panali mulu wa ulusi wofunda, ukupuma pang'onopang'ono. Unasiya kupuma masana.

Mwezi umenewo maluwa anamera pa anthu asanu ndi mmodzi. Mphunzitsi anadzuka nawo m'zikhatho, wophika buledi pamasaya, mtsikana woimba kwaya pakhosi. Ena anamanga mfundo pakaulusiko, ena anamatapo pulasitala, koma munthu ankamasukabe yekha, lero chala, mawa mkono. M'zipinda zawo munkatsala fungo la oyilo wa makina ndi la nsalu yopsa ndi ayironi. Ena ankati amamva kachitsulo kakugogoda m'khoma, mofulumira, kenako zii. Mudzi ukagwidwa mantha susowa womuloza chala. Anathamangitsa wogulitsa makala, munthu amene mlandu wake unali kuyenda akudziyankhulira yekha, koma maluwa sanaleke.

Mabokosi onse ankakhoma ndi kalipentala, ndipo ulusi wa akufawo ankaulongedzamo ndi manja ake. Bokosi la munthu wamkulu linkapepuka moti onyamula ankachita kunamizira kulemedwa, kuti amasiye asalire kwambiri. Pa maliro achinayi anapeza duwa limodzi lisanamasuke, n'kulitembenuza. Masokedwe ake anali opendekera kumbuyo, a munthu wamanzere. Mfundo inali yomanga kawiri, ulusi wake wodula ndi mano, osati ndi lumo. Anayang'ana chigamba cha pabondo la thalauza lake lomwe. Zaka khumi ndi zisanu wakhala akuvala masokedwe amenewo. Anali a mkazi wake, telala wa m'mudzimo.

Awiriwa anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, amene anamwalira ndi malungo chaka chapitacho. Bokosi lake anakhoma bambo ake omwe. Chichokereni kumanda, telala anakiya chipinda chosokera, n'kusiya kulandira nsalu za anthu. Za mwanayo m'nyumbamo sizinkakambidwa. Kalipentala ankalirira kushopu, sowo ikulira kuti anthu asamve, ndipo kunyumba ankafika maso ali gwa. Ankaopa kuti akangotchula, mkazi wake asweka.

Tsopano anali pakati pa moto. Akaulula, anthu amuotcha mkazi wake. Akakhala chete, mawa akhomanso bokosi la mnansi wina.

Tsiku lotsatira masana, telala atapita kukatunga madzi, kalipentala anamasula mahinjesi a chitseko cha chipinda chosokera n'kulowa. Pampando wa pawindo panakhala mwana wake, atavala diresi lake lachikasu. Tisanamizane, anali wokongola. Misoko yonse ya thupi lake inkanyezimira padzuwa, ndipo agulugufe olowera pawindo ankatera pamaluwa a m'manja mwake. Koma manjawo anali a mphunzitsi, ochepetsedwa bwinobwino, choko chidakali m'zikhadabo. Masaya ankanunkhira ufa. Pakhosi pankatuluka kanyimbo kopanda mawu, ka mtsikana wakwaya uja. Maso anali otseka, ndipo pachifuwa panali potseguka, mulibe kanthu.

"Musamugwire, bambo ake. Sanathe."

Telala anali pakhomo, ndowa ili pansi, madzi akuyenderera.

"Mayi ake, mwapha anthu."

"Ndimangodula pang'ono, posaonekera, ngati momwe ndimachitira ndi nsalu. Ndimatseka bwino, ndi duwa. Sindinkadziwa kuti munthu sagwira ulusi."

"Mutadziwa bwanji simunaleke?"

"Ndimusiye alibe nkhope?"

Kalipentala anayang'ana pachifuwa potseguka paja.

"Chatsala n'chiyani?"

"Mtima. Mitima ya eni ikukana. Chigamba cha pamenepo chimafuna nsalu yomweyo imene anachokerako." Anapukuta misozi ndi tepi yoyezera imene inali m'khosi mwake. "Wanga ndikanapereka kalekale. Koma asoke ndani?"

"Mukapeza, muleka?"

"Ndileka."

Munthu wanzeru akanathawa. Koma kalipentala anali atatopa ndi kukhoma mabokosi, ndipo nayenso, osabisa, ankafunitsitsa kuti mwanayo atsegule maso. Anavula malaya, anawapinda bwinobwino, n'kugona chagada patebulo lodulira nsalu. Mkazi wake anamujambula ndi choko pachifuwa. Anamusokera duwa loyera, lokongola kuposa onse, ndipo pamene telala ankadula ulusi ndi mano, mwamuna wake anali atayamba kale kumasuka kumapazi.

Telala aliyense amadziwa kuti nsalu imene yakhala yopinda chaka chathunthu siiwala mzere wake, ngakhale uisite motani. Mayiyu ankadziwa zimenezi pa nsalu. Pa mtima wa mwamuna wake sanaziganizire, pakuti sanamuonepo akulira.

Makina analira mpaka madzulo, ndipo ulendo uno mudzi wonse unamva bwinobwino komwe phokoso likuchokera. Anthu anasonkhana ndi zibonga ndi zigubu za palafini, mchimwene wa mphunzitsi ali patsogolo. Atafika pakhomo la chipindacho, palibe anakweza dzanja.

Patebulo panali mulu wa ulusi, utazizira kale. Telala anali atagwada pansi, manja atatambasula, akuitana mwana wake ndi timayina tonse taubwana. Mwanayo anatsegula maso. Anayang'ana mayi ake nthawi yaitali, ndipo misozi inayamba kutsika pamasaya a eni aja, yambiri, ya chaka chathunthu. Anatsika pampando n'kuyenda mowerama pang'ono, ngati munthu wozolowera kupala matabwa. Anagwira mutu wa telala n'kuugoneka pachifuwa pake, akuusisita.

"Mayi ake," anatero ndi kamawu kanthete, "mwana wathu uja anapita. Sabweranso."